Ulemu kwa a Kwadratiki, Mfumu Yosavoteredwa ya ku Bauleni

Ku Bauleni, komboni ya mu Lusaka, akuluakulu oti n'kuwavulira chipewa alipo ambiri. Kuli a tcheyamani a pamsika, kuli abusa a mipingo yogundana makoma, kuli eni nyumba amene amadziwa tsiku lothera mwezi kuposa tsiku limene anabadwa. Koma pali mfumu ina imene onsewa amaitsatira pambuyo, ngakhale kuti palibe anaiimbirapo nthungululu. Sinaimepo pa chisankho, sinagawepo chitenje, sinalonjezepo msewu wa tala. Imangolowa m'nyumba iliyonse mmene muli mwana wa sekondale, osanena ndi odi yemwe, n'kukhala pa tebulo pamene pamayenera kukhala nsima. Dzina lake ndi a Kwadratiki, mwini chigawo chachikulu cha homuweki ya masamu. Lero ndati ndiwapatse ulemu umene ana asukulu akhala akuwamana, poti anawo akamatchula dzinali amatsogoza kutsonya.

Mfumu timayamba taifunsa mtundu wake, ndipo a Kwadratiki si a dzulodzulo. Ku Babulo, dera limene lero lili m'dziko la Iraq, alembi a zaka pafupifupi 3,800 zapitazo ankadinda kale mafunso awo pa mapale a dongo: munda kukula kwake n'kwakuti, m'litali mukuposa m'lifupi ndi mwakuti, tapezani mbali zake. Ku India, Brahmagupta analemba lamulo lowamasulira m'chaka cha 628. Ku Baghdad, cha m'ma 820, al-Khwarizmi anawalembera buku lathunthu, n'kunena kuti ndi lothandiza pogawa chuma cha masiye, pa malonda, poyeza minda ndi pokumba ngalande. Funso lake lotchuka, limene lero tingalilembe kuti x² + 10x = 39, iye analilemba m'mawu okhaokha, n'kujambula sikweya, n'kuisokerera zigamba m'mbali mpaka anapeza kuti yankho ndi 3. René Descartes ndiye anazolowetsa dziko, kuyambira mu 1637, kutcha zinthu zosadziwika x ndi y. Lusaka anakhala likulu mu 1935, Zambia anadzilamulira mu 1964. Pamaso pa a Kwadratiki zonsezi ndi makanda. Babulo anagwa, mafumu ake anaiwalika, koma homuweki yake idakalipo, ndipo usiku uno ikuliza mwana wina kuseri kwa msika wa Bauleni. Ndi ufumu uti wina unakhalitsa chonchi?

Chachiwiri chowatamandira ndi kavalidwe. Zovala zimene amakonda ndi ziwiri, koma amadziwa tsiku lovalira chilichonse. Choyamba ndi ovolo ya kuntchito, imene aphunzitsi amaitcha standard form: y = ax² + bx + c. Akavala imeneyi amakuuza zinthu ziwiri basi mwaulere. Ukayang'ana a udziwa kumene mzere wawo wokhota uja, parabola, wayang'ana: a akakhala pamwamba pa ziro mzere umakweza manja kumwamba, akakhala pansi pa ziro umazolika. Ukayang'ana c udziwa pamene mzerewo umadula mzere wa y. Zina zonse zili m'thumba la mkati. Chachiwiri ndi suti ya Lamlungu, vertex form: y = a(x − h)² + k. Apa sabisa kanthu. Malo amene mzere umatembenukira, amene pa pepala la mayeso amati turning point, ali poyera, pa (h, k). Munthu ndi yemweyo, mzere ndi womwewo, koma ntchito ya mwana wa sukulu ndi kuwavula ovolo n'kuwaveka suti, mawa lake kuwavula suti n'kuwavekanso ovolo, popanda malipiro ngakhale ngwee imodzi. Ndi bwana uti wina ku Kabulonga konse ali ndi antchito ochuluka chonchi, osadandaula ku ofesi ya leba?

Mwambo wowaveka suti, umene amautcha completing the square, ndi sukulu ya makhalidwe payokha. Tengani y = x² − 6x + 5. Mumagawa 6 pakati, mupeza 3. Mumachulukitsa 3 ndi 3 mnzake, mupeza 9. Ndiye mumabwereka 9 amene panalibe, kumuika pa mzere, n'kumubweza pomwepo: x² − 6x + 9 − 9 + 5. Zitatu zoyambazo zimapindika bwinobwino kukhala (x − 3)², zotsalazo n'kukhala −4. Basi, suti yakwana: y = (x − 3)² − 4, ndipo mzere umatembenukira pa (3, −4). Taonani chilungamo chake. Mu komboni mmene kaloba amabereka ana mwezi usanathe, mmene ngongole ya pa kantemba imakalamba mpaka mwini kantemba kusamuka, a Kwadratiki okha ndi amene amabwereka n'kubweza pa mzere womwewo, popanda chiwongoladzanja. Mwana akaiwala kubweza 9 uja, cholembera chofiira cha aphunzitsi chimamukumbutsa mawa lake m'mawa. Kukadakhala kuti anduna onse a zachuma anamvetsa phunziro limeneli ali ku sekondale, bwenzi Zambia asanalephere kubweza ngongole zake mu Novembala 2020.

Amaphunzitsanso kusakhulupirira zolembedwa. M'mabulaketi mwalembedwa kuti x − 3, koma malo otembenukira ali pa 3 wa kudzanja lamanja, osati −3. Alemba kuchotsa, akutanthauza kuonjezera. Mwana akagwa m'dzenje limeneli kangapo amakhala atakonzeka kuwerenga malonjezo a kampeni, mapangano a lendi ndi mauthenga a pa foni onena kuti wapambana ndalama pa mpikisano umene sanalowe. Akangoyamba kudzimva kuti wadziwa, amamutumizira y = 2x² + 8x + 3. Pamenepa ayenera kutulutsa kaye 2 kunja kwa bulaketi, kubwereka 4 mkatimo, n'kukumbukira kuti pobweza kunja 4 uja wasanduka 8, chifukwa 2 anali kumudikirira pakhomo. Yankho ndi 2(x + 2)² − 5. Theka la kalasi limalemba −1, lonse motsimikiza, ena mpaka kujambula mizere iwiri kunsi kwa yankho. Chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Ndisaiwale nyimbo yawo ya fuko. Imayamba ndi −b, imadutsa pa kuphatikiza kapena kuchotsa, imalowa pansi pa denga la square root mmene mukukhala b² − 4ac, zonse n'kugawidwa ndi 2a. Ana a Giredi 12 amaiimba pamtima bwino kuposa ndime yachiwiri ya nyimbo ya dziko, ndipo ambiri sanauzidwepo kuti nyimboyi ndi mwambo wa kubwereka ndi kubweza womwe uja, kungoti wina anauchita kamodzi ndi zilembo kuti enafe tisamavutike. Kukoma kwake kuli pansi pa dengapo. Nambala ya pamenepo ikaposa ziro, mayankho ndi awiri. Ikakhala ziro, yankho ndi limodzi. Ikatsika pansi pa ziro, kakyuleta imalemba kuti Math ERROR, ndipo mwana amene watha theka la kandulo akuwerengetsa amamva kuti yankho lake ndi lakuti yankho palibe. Ena amati imeneyi ndi nkhanza. Ine ndimati ndi kukonzekeretsa. Mnyamata amene anazolowera zimenezi sadzadabwa tsiku limene adzazungulire Cairo Road yonse ndi envelopu ya khaki m'manja, kufunafuna ntchito.

Tsankho alibe. Msewu wa Leopards Hill umadutsa pa mageti a magetsi ndi udzu wothiriridwa, umadutsa pa American International School, n'kudzafikanso pa mphambano yolowera ku Bauleni, kumene madzi ambiri amayenda pamutu m'zigubu. A Kwadratiki amayendera mbali zonse ziwiri ndi funso limodzimodzi. Kwa mwana wa chipinda chakechake ndi laputopu, b² − 4ac. Kwa mwana wolembera pa bondo, mng'ono wake akulira, wailesi ya aneba ikuphulika kuseri kwa khoma, b² − 4ac. Salandira ya dirinki. Sadziwa kuti amalume ako ndi ndani. Pa pepala lachiwiri la masamu la Examinations Council of Zambia amabwera chaka ndi chaka ndi pempho lawo laulemu lija, lakuti yankho liperekedwe mpaka manambala awiri kutsogolo kwa kadontho. Pa pepala loyamba amabwera kakyuleta italetsedwa, kuti akuone bwino mmene ulili. Magiredi amayambira pa 1 kulekezera pa 9, ndipo malire a moyo ali pakati pa 6 ndi 7. Ofuna unamwino, ofuna uinjiniya kapena udokotala ku yunivesite ya UNZA, onse amafunsidwa makirediti asanu, masamu ali momwemo. Mlonda wa pa geti la dziko ndi ameneyu, ndipo sagona pa ntchito.

Kukoma mtima kwawo n'kwakuti sataya munthu. Ukalephera, amakudikirira ku GCE chaka chamawa. Ukalepheranso, amakudikirira chaka chinacho. Alipo amayi a ana atatu ndi abambo a imvi za m'masaya amene amakumana nawobe pakati pa chaka, atakhala pa desiki ya ana. Zibwenzi za ku sekondale zinatha, anzawo a m'kalasi anabalalikira ku Kitwe ndi ku Johannesburg, koma a Kwadratiki sanasinthe nambala.

Tikanena za chitukuko, ndani wina analemba anthu ntchito ngati iwowa? Mu Januwale 2022 boma linachotsa fizi m'sukulu zake, ana n'kukhamukira m'makalasi mpaka ena kukhala pansi. Maphunziro anakhala aulere, koma a Kwadratiki anaonetsetsa kuti ndalama isaleke kuyenda mu komboni. Pa mitengo ya magetsi ndi pa makoma a tumashopu pali mapepala oitanira ku matyushoni. Wa fotokope amadya chifukwa cha mapepala a mayeso akale. Wa kantemba amagulitsa girafu pepala limodzilimodzi, labala, pensulo ndi kandulo. Wa m'tauni amagulitsa kakyuleta yooneka ngati yeniyeni, imene imadzafa tsiku la pepala lachiwiri. Wa buthi ya mafoni amagulitsa bandulo kuti mwana ajambule funso, foni imuyankhe, iye akopere mzere ndi mzere osamvapo kanthu. Ngakhale abusa ena amapeza ntchito nyengo ya mayeso, yosanjika manja pa zolembera. M'chaka cha 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi ankatha tsiku pafupifupi lonse kulibe. Ometa, owotcherera zitsulo ndi ogulitsa nkhuku za m'furiji anakhala manja lende. Homuweki sinapume ndi tsiku limodzi lomwe. Chaka chomwecho kolera anachedwetsa kutsegulira sukulu mpaka mu Febuluwale, koma silabasi sinachepe ndi tsamba. Ndipo kumbukirani Okutobala 2018, pamene pepala la masamu linawanda pa mafoni mayeso asanalembedwe, boma n'kuimitsa mayeso a dziko lonse. Phunziro la jogirafe silinachitepo zazikulu chonchi. Banja la masamu lokha ndi limene anthu amaliopa mpaka kuba.

Tsopano ndiyankhe adani awo. Mu kalasi iliyonse mumakhala mnyamata wa kumbuyo amene amakweza dzanja n'kufunsa kuti, "Ba Ticha, nanga izi tizakazisewenzesa kuti?" Funso limeneli limandimvetsa chisoni, chifukwa yankho lake wangolisiya kunyumba likuyala tomato pa thebulo.

Tiyerekeze mayi wopikula tomato ku Soweto Market m'bandakucha, n'kudzamugulitsa m'milu ku Bauleni. Tinene kuti mulu uliwonse umamudyera K2, ndipo akakweza mtengo ndi K1 amataya ogula asanu, moti pa mtengo wa x amagulitsa milu 60 − 5x. Phindu lake ndi (x − 2)(60 − 5x). Mukachulukitsa, a Kwadratiki atulukira atavala ovolo: −5x² + 70x − 120. Apa simungaone kanthu. Avekeni suti: −5(x − 7)² + 125. Nkhani yonse yatha. Mtengo wabwino ndi K7, phindu ndi K125. Akagulitsa K6 apeza K120, akagulitsa K8 apezanso K120. Akatsitsa mpaka K2 ogula achuluka koma iye agona ndi njala. Akakweza mpaka K12 tomato aolera pa thebulo. Mayi ameneyu sanajambulepo parabola, koma amaidziwa nsonga yake, ndipo amaisuntha tsiku ndi tsiku malinga ndi mvula, tsiku la mwezi ndi mtengo wa mnzake wa thebulo loyandikana. Madzulo mwana akamuonetsa kope, amabweza mutu n'kunena kuti, "Mwanangu, ine masamu sindidziwa, kafunse amalume ako."

Woyendetsa minibasi nayenso amawadziwa, kungoti ndi phazi. Mtunda umene galimoto imayenda mabuleki atapondedwa umakula ndi liwiro kulichulukitsa ndi lokha. Ukachoka pa makilomita 40 pa ola n'kufika pa 80, mtunda woimira suwirikiza kawiri, umawirikiza kanayi. Amene anakana phunziroli m'kalasi amadzaliphunzira pa msewu, ndipo manda a Leopards Hill ali pafupi. Wokhoma dishi ya DStv padenga amakhoma parabola: mbale ija anaipinda mwadala kuti mafunde onse ochokera ku setilaiti akakumane pa kadontho kamodzi, pamene pali kachitsulo ka kutsogolo. Bambo amene amakalipira mwana kuti masamu akutha makandulo amaonera mpira wa ku England mwa chifundo cha masamu omwewo. Mlatho wa pa Victoria Falls, umene unamalizidwa mu 1905, wakhala pa uta wachitsulo wa parabola, mamita 128 pamwamba pa Zambezi, ndipo sitima zikudutsapobe.

Nanga pa bwalo la mpira? Galileo anasonyeza mu 1638 kuti chinthu choponyedwa m'mwamba chimayenda mu parabola. Barbra Banda, amene anakulira mpira wake ku Bauleni United Sports Academy, anamwetsa zigoli zitatuzitatu Netherlands ndi China pa masewera a Olimpiki a ku Tokyo mu 2021, n'kudzabwerezanso zomwezo kwa Australia pa Olimpiki ya ku Paris mu 2024. Mpira uliwonse wam'mwamba umene anauthamangira, maso ake anali atapeza kale pamene utembenukire ndi pamene ugwere, oteteza akadali kufunsana. Ana amene akumenya chimpombwa cha mapulasitiki m'fumbi la Bauleni madzulo ano akuchita zomwezo. Lolemba m'mawa ana omwewa adzalumbira kuti sanaonepo turning point chibadwire.

Apa ndiye pali ukatswiri waukulu wa a Kwadratiki. Amakhala pa msika, padenga, pa msewu ndi pa bwalo, tsiku lonse, pakati pa anthu amene amawadziwa bwino, koma akangovala zilembo n'kukwera pa bolodi palibe amawazindikira. Mayi amadziwa mtengo koma amaopa kope. Mwana amaimba nyimbo yonse ya −b koma sangaike mtengo pa mulu wa tomato. Amagona m'chipinda chimodzi, aliyense atanyamula theka la nzeru, osadziwa kuti theka linalo lili pa mphasa yoyandikana. Mfumu ina ikadafuna asilikali kuti igawanitse anthu chonchi. Iwowa amangofuna choko.

Koma ntchito yawo yopambana zonse, imene boma likadayenera kuwapatsa nayo mendulo pa 24 Okutobala, tsiku la ufulu wa dziko, ndi kusenza milandu ya ena. Zotsatira za mayeso zikatuluka, mwana n'kupezeka ndi 9, tonse timapukusa mitu n'kunena kuti masamu ndi ovuta. Mawu amenewa amatipulumutsa ku mafunso ambiri. Sitifunsanso kuti mphunzitsi mmodzi angachonge bwanji makope a kalasi yodzaza mpaka pakhomo. Sitifunsa kuti buku limodzi amaliwerenga ana angati. Sitifunsa za mtsikana amene amayamba homuweki atatunga madzi, ataphika, atatsuka mbale, mlongo wake akusewera. Sitifunsa za mwana amene anataya njira pa mafulakishoni ku pulayimale n'kumangokankhidwa kalasi ndi kalasi mpaka kukagwa m'manja mwa b². Sitifunsa chifukwa chake phunziro limene al-Khwarizmi analilembera amalonda ndi ogawa chuma cha masiye limaphunzitsidwa kwa ana a amalonda ngati chinsinsi cha kudambwe. A Kwadratiki amalandira zonsezi ali chete. Sanalembepo kalata ku nyuzipepala, sanaimbepo foni ku wailesi kuti adziyeretse.

N'chifukwa chake ndikupempha, mwaulemu wonse, kuti ulemerero wawo utetezedwe. Aphunzitsi asayerekeze kulowa m'kalasi ndi mulu wa tomato. Asatulutse ana panja kukaponya mpira n'kuyeza pamene wagwera. Asadule makatoni kuonetsa sikweya ya al-Khwarizmi ndi zigamba zake, kuopa kuti ana angaone ndi maso kumene 9 wobwerekedwa uja amachokera. Amayi a pamsika asauzidwe kuti zimene amachita m'mutu zili ndi mamakisi pa pepala lachiwiri. Makalasi asachepetsedwe, mabuku asachuluke, nyale zisayake. Pakuti zimenezi zikachitika, ana a ku Bauleni adzazindikira kuti mfumu imene akhala akuigwadira ndi neba wawo wakalekale, ndipo adzayamba kukhoza. Tsiku limenelo wa matyushoni adzafuna ntchito ina, mzere wa GCE udzafupika, makoleji adzasowa chifukwa chobwezera anthu pa geti, ndipo mwana wina akadzalepherabe tidzayenera kutchula dzina la wolakwa weniweni. Ndani mwa ife, kuyambira kholo mpaka nduna, wakonzeka kumva dzina limenelo? Akhale ndi moyo wautali a Kwadratiki, tonsefe tizipeza pobisala.